Jekete la bambo ku Highfield

Mayi Mudzingwa analemba pabolodi ndi choko chofiira:
aliyense abwere ndi kanthu pofika Lachisanu,
bulangete, sopo, shuga, nsapato zosang'ambika,
tikaone okalamba ku Highfield
chisanu cha Juni chisanawamalize.
Pansi pake anawonjezera kuti pali malikisi khumi.
Apo m'pamene kalasi inatchera khutu.

Ruvarashe anabwera ndi mabulangete awiri akadali m'pulasitiki,
kapepala ka mtengo osamatula dala.
Simbarashe anatsitsa thumba la mpunga m'galimoto ya malume ake.
Ine ndinazungulira nyumba yathu ya ku Mufakose katatu,
zipinda ziwiri, chopatula palibe,
mpaka amayi anakoka sutikesi ya pansi pa bedi
natulutsa jekete la bambo.
Analinunkhiza kaye.
"Tenga, njenjete zingatilande."

Tinapanikizana m'kombi, makatoni pamiyendo,
anzanga akuimba m'Chishona, nanenso ndikuimba,
pakuti kusukulu ndine Mshona wa dzina lachilendo.
Chinenero cha kwathu ndimachivula pageti
ngati nsapato zamatope.
Amene anatchedwapo Mubhurandaya pabwalo la mpira
amadziwa kusunga lilime m'thumba.

Tinawapeza atandanda kukhoma, akuwothera dzuwa,
mipando isanu ndi iwiri, ndodo zisanu.
Ena tinapatsidwa matsache, ena mawindo,
ena kuwenga zikhadabo zolimba ngati nyanga.
Mayi Mudzingwa foni ili m'mwamba:
mwetulirani, tembenuzani katoniyo
dzina la sukulu lioneke.

Jekete linagwera mkulu wina wowonda, a Sandalamu,
amene akuti anaphikira azungu ku Avondale zaka makumi atatu,
azunguwo n'kupita, iwo n'kutsala ndi supuni imodzi.
Anapisa mkono, mkono unasowa.
Anapisa winawo, nawonso unamira.
Anadziyang'ana, nang'ung'udza okhaokha:
"Koma mwini chovala ichi anali nsungwi ya munthu."

Ndinaseka.
Ndekha, pakati pa ana makumi anayi,
ndipo kusekako kunandiulula.

Anatembenuka pang'onopang'ono ngati chitseko chadzimbiri.
"Wamva?"
Ruvarashe anali pambali panga ndi tsache.
Ndinayang'ana tsachelo, ndinayang'ana fumbi,
kenako pakamwa panatseguka pokha:
"Ndamva. Anali bambo anga.
Ankawerama polowa pakhomo."

Sanalire.
Anandigwira pamkono monga agwirira chitsulo m'basi yothamanga,
mafunso akugundana pakamwa:
mfunda wako ndani, kwanu kwenikweni n'kuti,
kodi ku Tsangano akulimabe kachewere,
kodi sitima imaimabe pa Balaka?
Sindinafikeko, ndinatero. Ndinabadwira pa Gomo pompa.
"Zilibe kanthu. Ungolankhula. Nena chilichonse.
Wotsiriza kundiyankha tinamuika chaka chatha."

Ndinasowa nkhani.
Ndiye ndinawatchulira zomwe tinabweretsa:
sopo mipiringidzo khumi, machesi, mchere,
mafuta ophikira, masokosi osafanana.
Anatsinzina, mutu ukugwedezeka,
ngati ndikuwawerengera kalata
imene yakhala m'njira zaka zonsezi.
Nditafika kumapeto anati, bwerezanso.

Chithunzi anachikhoma pakhomo la ofesi ya ahedi.
Ine mulibemo.
Ndinali kuseri, ndikupinda mikono ya jekete,
kawiri mbali iyi, katatu mbali inayo.
Malikisi anandipatsa asanu ndi limodzi,
akuti sindinasese.

Pobwerera, tikudutsa pa Machipisa,
Ruvarashe anandigunda ndi chigongono.
Mumakambirana chiyani nthawi yonse ija?
Za sopo, ndinatero.
Anandiyang'ana nthawi yaitali, osaseka,
kenako anasuntha katoni yopanda kanthu
kuti nditambasule miyendo.

Amayi sanafunse kuti jekete lapita kwa yani.
Anangofunsa ngati linawakwana.

Loweruka likubwerali ndili ndi dola ya kombi,
singano ya amayi ndi ulusi wakuda.
Mikono ija ikufunika kufupikitsa,
ndipo ine ndimasoka mochedwa.