Chidole cha Bambo Catchpole

Ku Lowestoft mphepo imanunkhabe nsomba zomwe zinatha kalekale.
Ndinkafika sikisi koloko, yunifolomu itanyowa m'mapewa,
kudzadzutsa bambo Catchpole,
kuwasambitsa, kuwerengera mapiritsi asanu m'kambale,
kupinda mawondo awo okana kupindika.

M'dirowa ya masokosi munkagona mnzawo:
kamunthu kamtengo, msinkhu chikhatho ndi theka,
jekete la utoto wabuluu losupuka pazigongono,
m'chiuno waya, m'mawondo waya,
m'akakolo timisomali tadzimbiri.
Anakasema ndi agogo awo ali panyanja,
podikira maukonde, ndi mpeni wotumbulira nsomba.
Diso limodzi linafufutika.
Linalo linkandilondola.

"Khalira thabwali," anatero tsiku lina,
"manja angawa antchito anawathera."
Ndinakhalira kathabwa kopyapyala, nsonga ili panja,
ndodo ya kumsana kwa chidole m'dzanja lamanzere.
Ndinagogoda.
Kanangoti lendelende ngati malaya pachingwe.
"Usakavinitse ayi. Iwe menya thabwa basi,
kuvina nkwake."

Zala zanga sizidziwa nyimbo za asodzi a kuno.
Zinakumbuka zokha chimtali cha ku Mponela,
chija tinkavina fumbi mpaka m'mano.
Kamunthu kaja kanamva.
Gwede! Gwedegwede, kwakwata, kwakwata,
mikono kuzungulira ngati yopanda mwini,
chidendene kuthyola, kubweza, kuthyolanso.
Mkuluyo anaseka mpaka chifuwa chinamutsamwitsa:
"Zaka zana kali m'banja mwathu,
sitepe imeneyo kankatibisira!"
Pansi pa bulangete ndinaona phazi lawo lakumanja
likuyankha pang'onopang'ono.

Kunabwera wogula zinthu zakale, magolovesi oyera mbee.
Anakatembenuza, anakanunkhiza,
akuti mapaundi mazana anayi,
koma kasavinenso, utoto ungathe.
"Chidole chosavina ndi nkhuni," anayankha bambo Catchpole,
nandiuza ndimuperekeze pakhomo.

Anatisiya mu Febuluwale, usiku womwe sindinali pantchito.
Mwana wawo anabwera kuchokera ku Leeds ndi makatoni.
Sindinapemphe kanthu. Ndine ndani pamaliro a eni?

Lero kali pawindo la sitolo, kumsewu wotsikira kudoko,
pakati pa wotchi yakufa ndi makapu amaluwa,
kapepala ka mtengo atakamangirira kumwendo.
Thabwa lija analitaya.
Ndimaima pomwepo podikira basi ya kwa wodwala wina.
Lole ikadutsa galasi limanjenjemera,
kaphazi kamodzi kamati gwede,
ndipo zala zanga m'thumba la jasi
zimamaliza zotsalazo.