Mbewa Nambala 14

Lolemba ndinaidonthezera m'mphuno
kadontho kamodzi, kosakwana ndi msozi womwe.
Inayetsemula, n'kupukuta kumaso ndi timanja take,
n'kubwerera mu utuchi ngati palibe kanthu.
Panja mtsinje wa Emajõgi unali utauma gwa ndi chisanu,
Tartu yense ali zii.

Lachitatu ubweya wake unasiya kusalala.
Sikelo inati magalamu awiri apita.
Ndinalemba. Ntchito yanga ndi kulemba.
Lachinayi ndinagunditsa khutu pa khola lapulasitiki:
thee, thee,
ngati wina akuthyola machesi kuchipinda china.

Lero ili pa kagalasi.
Kholingo lake ndaliumitsa mu phula,
ndalidula mopyapyala kuposa khoko la anyezi,
ndalinyika mu utoto wapinki ndi wabuluu.

Mbewa yabwinobwino, njira ya mpweya imakhala ndi tiubweya
tondandalika ngati anthu osesa mumsewu m'mamawa,
aliyense kupatsira mnzake fumbi
mpaka litatuluka.
Apa pali dazi.
Khoma lasupuka ngati penti ya nyumba yosiyidwa,
maselo agwera m'njira, akusambira m'mamina.
Mabakiteriya ndi awo, timizere tachabechabe,
aunjikana m'thope lodzikandira okha.
Koma chophwanya kwambiri si iwo ayi:
asilikali a m'thupi anabwera piringupiringu,
pothamangitsa wakuba anagumula nyumba,
n'kufera momwemo. Mafinyawa ndi mitembo yawo.

Dokotala Ilves akusuzumira mu maikulosikopu,
khofi ali m'manja.
"Piret, izi ndiye zokongola."
Ndikuvomera ndi mutu.
Chondichititsa manyazi n'chakuti sakunama.

Masana foni ikulira. Ndi bambo, ku Kohtla-Järve,
zaka makumi atatu za mumgodi zili pachifuwa.
Akufunsa ngati ndagula matayala a nyengo yozizira.
Pakati pa "wagula" ndi "matayala" akutsokomola kanayi.
Ndawerenga osafuna.
Dzanja langa likufufuza cholembera.
"Si kanthu," akutero, "ndi mphepo chabe."

Fomu ili ndi timabokosi:
ziro, njira ili bwino; folo, njira yatha.
Ndikulemba fili.
Palibe kabokosi kolembamo
kuti inkakonda kugona m'kachubu ka katoni,
mchira wokha uli panja.

Ndikuvala magolovesi atsopano.
M'khola lotsatira, Nambala 15 yaimirira ndi miyendo iwiri,
ikunyambita madzi pa botolo,
kam'mimba kakukwera, kakutsika,
mpweya ukulowa ndi kutuluka
osapempha chilolezo kwa munthu.