Wokonza Njinga pa Muloza

Mapu ndinawasiya ku sitandade faifi.
Dera lino ndimaliwerenga pa zimene lathyola:
mtsetse wa kuseri kwa fakitale umadya mabuleki,
chitunda cha kwa Napwanga chimadula tcheni,
ndipo dothi lofiirali, likangolawa mvula,
limakakamira m'madigadi ngati ngongole.

Ndimakhala pansi pa mtengo wa mapeyala,
poti ukakuwa a pa mlatho amatembenuka.
Kumbuyo kwanga Mulanje wafunda chiperoni,
kutsogolo Tumbine akusuzumira,
awiriwa ngati alamu osayankhulana
koma omwera mtsinje umodzi.

Tambala asanamalize, afika kale:
matumba atatu a chimanga pa njinga imodzi,
mwini wake osakwera, akukankha ndi chifuwa,
thukuta litalemba njira pamsana.
"Amisiri, masipoko anayi apita."
Ndimagwira limu n'kulinong'oneza: pirira,
nawenso unabadwira kusenza za eni.

Mulipa amalipira metikala.
Felesiya amalipira zinanazi ziwiri.
Wina amangoti "mawa" m'Chilomwe
n'kubwereza m'Chipwitikizi kuti ndimvetse.
Mawa limenelo latha miyezi itatu.

Malire? Papepala ndi mzere.
Kuno ndi madzi olekeza m'mawondo mu Okutobala,
amene Felesiya, akatula dengu la tiyi pa sikelo,
amawoloka atakwinya chitenje
kukasosa munda wa mayi ake kutsidya.
Maliro akagwa uko, timalira kuno.
Mkuwo safunsidwa chiphaso.

Tiyi wabiriwira mpaka m'khosi mwa phiri,
wometedwa bwino ngati mutu wa mwana wa sukulu.
Ife tili m'mphepete, tathinana ngati machesi;
munda wanga mphasa zisanu ndi ziwiri zingaufunditse.
Mwana wanga anandifunsa tsiku lina:
"Bwanji masamba ali ndi malo kuposa anthu?"
Ndinamupatsa pampu kuti apope tayala.

Chaka chija phiri linasanza usiku,
miyala yonga nyumba ikugubuduka ndi mitengo,
mtsinje unasamuka osatsanzika,
unazula nthochi za kuno n'kukazitula kutsidya.
Patatha sabata anandibweretsera felemu
yopindika ngati chikwakwa, yodzaza mchenga.
Ndinaizindikira ndi chigamba changa pa chishalo:
ya Namakhwa, uja ankaliza belu popanda chifukwa,
kulizira mbuzi, kulizira mtengo, kulizira mitambo.
Mwini wake sanaoneke mpaka lero.
Belulo ndinalimasula, ndinalitsuka ndi palafini,
lili m'bokosi la masipanala.
Nthawi zina pofunafuna nambala teni
ndimaligunda mwangozi
ndipo ndimayang'ana ku mseu.

Koma Limbuli sadikira wolira.
Tsiku la msika mseu umasefukira:
nkhuku zozondoka pa handulo,
makala, chinangwa, kalongonda m'beseni,
mayi wakhala cham'mbali pa keliyala
atafukata wailesi ngati khanda.
Mnyamata wa njinga yamoto amandiseka
kuti ntchito yanga yatsala madzi amodzi.
Kapena. Koma petulo akasowa
ndi yemweyo amabwera akukanda mutu,
"Madala, tabwerekeni yakapalasa ija."

Madzulo nkhungu imatsika m'mizere ya tiyi
n'kufufuta mlatho, sikelo, mbendera zonse ziwiri.
Ine ndimamiza chubu m'beseni la madzi
kusaka pamene mpweya ukuthawira.
Tithovu timakwera, ting'onoting'ono,
ndimaikapo chala.

Kutsidya wina akuwongola limu,
ngo, ngo, ngo,
kamenyedwe kake ngati ka dzanja langa.
Dzina lake sindilidziwa, nkhope sindinaione,
koma zigamba zake ndimazipeza pa machubu a kuno,
zodulidwa mozungulira, zomatidwa mosaumira guluu.
Ndikhulupirira nayenso amapeza zanga.
Akaleka kukhoma, nanenso ndimalongedza.