Mango Olumidwa

Ku Benga amanditcha msodzi wa kumtunda
chifukwa ukonde wanga ndimaukunga m'mitengo ya mango
kuseri kwa chigayo cha a Bwanali,
ndipo nsomba zanga zili ndi mapiko.

Usiku wathawu ndinakola mileme khumi ndi iwiri.
Umodzi unali ndi mwana pachifuwa.
Ndinaupukuta m'kamwa ndi kathonje,
ndinautenga kadontho ka magazi kochepa ngati njere ya mawere
n'kuumasula. Sunatsanzike.

Mabotolo apita ku Lilongwe m'bokosi la madzi oundana
pamodzi ndi mayankho a mafunso anga amwano.
Khola la nkhumba lili pansi pa mtengo uti?
Ndani amasesa zitosi m'denga la sukulu
kukathira m'dimba la tomato?
Nkhalango yabwerera m'mbuyo mapazi angati
chiyambire kuotcha makala?
Mbuzi inafa yokha Lachiwiri ija anaisenda ndani,
ndipo analibe bala pachala?

Kumeneko kompyuta ikatafuna zonsezi
n'kulavula mapu.
Mudzi uno udzatuluka wachikasu, mwina wofiira.
Koma mapu satchula tsiku,
satchulanso dzina la munthu.

A Bwanali anandifunsa, akusansa gaga m'nsidze,
"Ndiye matendawo afika liti?"
Ndinati mwina chaka chamawa, mwina sadzafika konse.
Anaseka. "Bola wa ula, amanena chogwirika."
Sananame. Ine ndimangowerenga milatho.
Kachilombo sikadziwa kuti uwu ndi mleme, uyu ndi munthu,
kamangoyesa kiyi wake pakhomo lililonse
ngati woledzera wosochera nyumba,
mpaka tsiku lina loko wina avomere.

Ntchito yanga ikayenda bwino sipadzachitika kanthu,
ndipo palibe amene amathokoza munthu
chifukwa cha maliro amene sanagwe.

Mamawa uno ndafika kunyumba ndikununkha jiki
ndapeza Asiyatu wanga, wa zaka zinayi, ali pakhonde,
madzi a bango akutsikira m'chigongono.
Mbali ina ya bangolo
pali timabowo tiwiri ta mano
amene si ake.

Ndamulanda. Walira mpaka kudzutsa aneba.
Ndamutsuka m'kamwa kawiri, ndi m'manja.
Tsopano ndaima pano, bango lili m'manja mwanga,
ine wodziwa masamu onse aja,
ndikuyang'ana mtengo wa pakhomo panga pomwe
umene m'miyezi isanu ndi itatu yonseyi
sindinaukungepo ukonde.