Tchaji

Pa Kamuzu Road magetsi anathima Lachiwiri,
lero Lachisanu sanabwerebe,
ndiye benchi langa ladzaza:
mafoni khumi ndi awiri akuyamwa batire limodzi la galimoto
ngati tiana ta nkhumba.

A Garuba, Mhausa wogulitsa magalasi a mafoni kuseri kwa depoti,
sanadikire kuti yawo ikhute.
Aiyankha ili pachingwe, khosi litapindika.
Ndi mwana wawo wamkazi ku Kano,
mawa ali ndi mayeso a Chingelezi
ndipo liwu limodzi lamuima pakhosi.

Chihausa sindichimva.
Chikundidutsa ngati sitima ya katundu,
koma m'mabogi onsewo imodzi ndaizindikira:
tchaji, tchaji.

Akuwerenga pazala ngati mwanayo akuwaona.
Choyamba, aloza batire langa.
Eya, imeneyo ndiyo imandidyetsa.
Chachiwiri, atikita zala ziwiri: ndalama.
Ndimatchaja mahandiredi atatu, iwo amati ndimadula.
Chachitatu, aphatikiza mikono ngati yamangidwa unyolo

ndipo ine ndaleka kumwetulira.
Tchaji imeneyo ndinaiphunzira mu Juni,
mlongo wanga Twaibu atagwidwa pa rodibuloko
ndi matumba awiri a makala panjinga.
Kukhothi anaiwerenga papepala, mothamanga, osadzutsa mutu.
Twaibu sukulu analekera Sitandade 4.
Anamva liwu la pabenchi langa
nayankha mwaulemu, manja kumbuyo:
"Foni ndilibe, bwana."
Anthu anaseka mpaka wapolisi anapukuta misozi.
Miyezi isanu ndi umodzi.

Chachinayi, a Garuba aweramitsa mutu, apalasa fumbi ndi phazi,
ng'ombe yofuna kugunda.
Chachisanu, adziguguda pachifuwa:
a intchaji, ngati aja a kuchipatala cha kwathu
amene kiyi wa mankhwala amapita naye kumaliro.

Zala zatha. Ndikanawabwereka changa
chifukwa kuno ilipo ina:
bambo akatuluka m'shabini maso ali psuu,
akulonjera mtengo wa mango,
timati atchaja.
Eni liwu sakuidziwa imeneyo.
Tinaiweta tokha.

Foni yathima chiganizo chili pakati.
A Garuba ayang'ana galasi lakuda, kenako ine.
"Zingati, mayi?"

Ndati lero musalipire.
Isiyeni pomwepo idzaze, mwanayo ayimbanso.
Ndipo akayimba,
chala chachitatu chija mumuuze kawiri,
pang'onopang'ono.