Maginito a Wailesi Yakufa

Ndimakonza mawailesi ku Moatize,
pakhonde la golosale ya Albino,
pomwe sitima ya malasha ikamadutsa
timisomali tanga timavina patebulo.

Lachitatu lina kunabwera mtsikana, Benvinda,
thumba la makoko a malambe lili kumsana,
n'kufunsa sipikala yakufa.
Ndinati yakufa siimba, mwanangu.
Iye anati, sindikufuna nyimbo,
ndikufuna maginito ali kumbuyo kwakewo.

Ndinakhoma bokosi, n'kumulondola.
Chidwi ndi matenda anga, mkazi wanga amatero.

Kuseri kwa chipatala, m'kachipinda kamalata,
anali atawotcha makoko mumgolo wotseka,
atawanyika m'madzi a dzimbiri, atawawotchanso,
n'kuwasinja mpaka ufa wakuda bii.
Kanjere kalikonse, anatero,
kali ndi mauna ochuluka kuposa chulu,
ndipo m'maunamo mwagona chitsulo.

Pawindo panali botolo la madzi achikasu
otungidwa m'ngalande yotsikira ku Revubwe.
Makapisozi timamezawa thupi silimaliza,
otsala amatuluka ndi mkodzo,
a nkhuku za m'makola nawonso chimodzimodzi.
Tizilombo ta m'madzi timalawa pang'onopang'ono
m'mawa uliwonse, mpaka kuzolowera,
ngati chidakwa chimene kachasu sachigwetsanso.

Pamenepo ndinakumbukira mng'ono wanga Fulujensiyo,
bala laling'ono lapakatumba,
majakisoni asanu ndi awiri,
namwino akungopukusa mutu.
Sindinamuuze.

Anathira ufa m'botolo, n'kukhutchumula.
Tinadikira.
Ndinasuta ndudu ziwiri panja,
dzuwa la kuno likundiphika paphewa.

Kenako anagunditsa maginito anga pagalasi.
Mdima wonse unasamuka!
Unathamangira kukhoma la botolo
monga timathamangira mthunzi masana a Novembala,
n'kuunjikana pamenepo, phee,
madzi n'kutsala mbee.
Zaka makumi atatu ndagwira maginito,
ndinali ndisanawaonepo akukoka ludzu la munthu.

Ndinatambasula dzanja kuti ndilawe.
Anandimenya pachala.
Ayi bambo, maso sayeza madzi,
awa apite kaye ku Tete, makina akanene.
Ndiponso botolo limodzi si mtsinje,
ndipo ufawu tsopano wakhuta mankhwala,
koutaya sindinakupezebe.
Ananena izi akulemba manambala m'kope
lomwe chikuto chake chinadyedwa ndi chiswe.

Anandipatsa mametikali makumi asanu.
Ndinawasiya pansi pa botolo.

Kuyambira tsikulo sinditaya sipikala.
Ndimaisenda ngati chinangwa,
maginito ndimaika m'chitini cha mkaka.
Akwana khumi ndi atatu,
amamatirana okhaokha, kuwalekanitsa n'kovuta.
Benvinda sanabwerenso,
ena akuti ali ku Beira, ena akuti ndalama zinamuthera.
Mvula yayamba dzana,
ngalande ija yadzaza, ikutsika.
Sitima ikamadutsa chitini chimalira pashelefu,
ine n'kudzutsa mutu, kuyang'ana kumsewu.