Mpweya wa Nyumba Yoyenda

Inafika Lachiwiri dzuwa lili paliwombo,
nyumba yathunthu itakwera matayala asanu ndi limodzi,
makatani pazenera, nambala za ku Joni
zitafiira ndi fumbi la ku Mwanza.
Akabaza pa Mangochi boma anaiwala makasitomala.

Mwini wake, Che Twaibu Mkwanda, anatsika akuwongola msana:
"Popa onse, mnyamata, alimbe ngati mwala.
Ndikwere Chowe dzuwa lisanapendeke."

Ndinagusa tayala lakumbuyo, ndinabweza dzanja msanga.
Mbaula.
"Bwana, tayala lotentha ndi mboni yonama,
geji ikalifunsa pano litchula mpweya umene lilibe.
Ligone. Tilifunsa mawa azana ikangotha.
Koma mwanyamulamo chiyani?"

"Kodi ndiwe wa kasitomu?"

Ayi, ndine wa mpweya,
ndipo mpweya sapopera maso.
Kachitsulo kapachitseko kali ndi nambala zake,
koma amene anakakhoma sanaone katundu wanu.
Ukachepa, tayala limafutukuka m'nthiti,
limapsa mwakachetechete
mpaka kukaphulikira pakona pomwe palibe pothawira.
Ukachuluka, limayenda chonyang'ama, pamsana pokha,
mbale zimavina m'kabati,
mabuleki akaitana msewu suyankha.

Anatsekula chitseko monyinyirika.
Matumba asanu ndi atatu a simenti, onse kumanzere.
Thanki yodzaza mpaka kukamwa.
Jenereta, malata opinda, masutikesi omanga ndi linya,
ndi chinthu china pakona, chofunditsidwa chitenje.
N'chifukwa chake nyumbayo inkatsimphina
ngati munthu wolasidwa ndi minga ya mthethe.

Tinabwereka sikelo kwa Abiti Ndaona wogula nandolo,
tinapachika chimodzichimodzi,
ine ndikulemba ndi khala pakhoma la shedi:
zakutsogolo pazokha, zakumbuyo pazokha,
kumanzere, kumanja.
Matumba anayi anasamukira mbali inayo.
Theka la madzi tinapatsa mbuzi.

"Simentiyi mukamalizitsira nyumba?"
Anayang'ana khalalo nthawi yaitali.
"Nyumba ndi imeneyi.
Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndikutumiza ndalama,
mphwanga akunditumizira zithunzi.
Mwezi wathawu ndamva kuti khonde lokongolalo
ndi la mphunzitsi wina ku Namwera."

Nditagwira chitenje chija anandigwira mkono.
"Makina osokera a mayi ake Asiyatu.
Iwo anatsala komweko, pansi pa dothi la eni.
Amenewo usawapachike pasikelo."
Ndinangowatukula pang'ono, manja anayerekeza,
ndinalemba nambala kumene iye sakanaiona.

Anagona m'nyumba mwake, pakhomo pa shedi yanga.
Usiku wonse kanyale sikanazime.

M'bandakucha matayala anali ozizira ngati mtsuko,
okonzeka kunena zoona.
Kompuresa inatsokomola kawiri, inavomera.
Akutsogolo ndinawapatsa wowakwanira.
Akumbuyo ndinawonjezera, onse mofanana,
potsata mbali yolemedwa,
pakuti oyenda pa ekiselo imodzi sasiyanitsidwa.
Lamkati, lobisala kuseri kwa linzake,
limene aliyense amaliiwala,
ndi limene linatsala pang'ono kufa:
linzakelo lakhala likusenza awiri kuchokera ku Tete
osauza munthu.
Sipeya nayo inali ndi njala.

Ndinapaka malovu pavavu iliyonse. Palibe thovu.

"Mukakatsitsa simenti, mukaphwetseko pang'ono.
Mpweya wa katundu suyenera galimoto yopepuka."
Anaseka koyamba, dzino lagolide kung'anima.
"Zina sizitsika, mnyamata."

Anandilipira, anawonjezera botolo la mafuta onunkhira.
Ndinaima pamsewu kuiyang'ana ikuwoloka mlatho wa Shire,
osati makatani, osati denga,
koma m'munsi, mmene ntchito yanga imaonekera:
inali chilili, osapendamira kwa aliyense.

Masana, pofuna chenji cha wanjinga,
ndinapeza m'thumba kachivindikiro kamodzi ka vavu.
Kali pawindo mpaka lero.
Wochokera ku Namwera aliyense ndimamufunsa.